Tifunseni za Thanzi: Kodi tisingano ta Atchaina tingachiritse chigongono changa?

FUNSO: A dokotala, ine ndine telala, kwathu ndi ku Machinga koma kuno ku Joni ndakhalako zaka 6. Ndimasoka makatani pa shopu ina ku Fordsburg, kogona ndi ku Mayfair. Chiyambire Meyi chigongono chakumanja chikundipweteka chakunjaku, moti kunyamula ketulo kapena kudula nsalu yokhuthala ndi nkhondo. Tsono masabata apitawa kwabweranso china: kachala komalizira ndi chinzake choyandikana nacho zikumachita dzanzi, makamaka usiku. Ndimadzuka dzanja lili zii ngati si langa. Ndapaka Deep Heat, ndamwa Brufen, ayi ndithu. Mnzanga wa kumzikiti akuti ku Cyrildene kuli Atchaina obaya tisingano, iye msana unasiyiratu. Koma mtengo wa maulendo 10 ukuposa lendi yanga ya pamwezi. Ndipite, kapena amayi angonditumizira mankhwala a mphini pa basi? Telala, Mayfair.

YANKHO: Achimwene, udokotalawo mwandipatsa ulere, ine ndine wa mafizo chabe. Koma zigongono ndi zomwe ndimaswera nazo, ndipo m'kalata mwanumu ndikuonamo matenda awiri, osati amodzi.

Vuto loyamba ndi la kunjalo. Gwirani kafupa kotumphuka kunja kwa chigongono. Pamenepo ndi pomwe pamamatirira minofu yotukula dzanja ndi zala. Sizasi ikamatsegulidwa ndi kutsekedwa tsiku lonse, nsinga ya pamenepo imaperepeseka ngati ulusi wokhuzika pa chitsulo. Achipatala amati tennis elbow, koma mwa onse amene ndawagwira mkono, wosewera tenisi sindikumukumbuka: ndi matelala, openta nyumba, anyamata a m'magadeni ndi amayi ofinya mopu. Nthendayi ndi yotopetsa koma si yoopsa. Mwa anthu 10, 8 kapena 9 amapeza bwino chaka chisanathe, abayitse asabayitse.

Lachiwirilo ndi limene landikhalitsa tsonga. Munagundapo chigongono pa chitseko n'kumva ngati magetsi mpaka ku kachala? Umenewo ndi mtsempha wotchedwa ulnar. Umachokera m'khosi, n'kutsika mkati mwa mkono, n'kudutsa mu kangalande kuseri kwa kafupa ka mkati mwa chigongono, pongophimbidwa ndi khungu. Mukapinda mkono umakokeka, mukatsamira chigongono umapanikizika. Ndikuganiza kuti pa makina paja mumatsamira m'mphepete mwa tebulo, madzulo muli pa WhatsApp ndi akumudzi ola lathunthu foni ili kukhutu, ndiye usiku n'kutsamiranso dzanja. Mtsemphawo upuma nthawi yanji?

Tsono za tisinganoto. Si jakisoni, mulibe mankhwala. Ndi tizitsulo toonda, pafupifupi 0.25 mm, timene amakuzikani n'kutisiya mphindi 20 kapena 30. Pa chigongono amakonda malo amene amawatcha Quchi, pothera mzere wa khungu mukapinda mkono, ndi Shousanli chakumunsi kwake pang'ono. Ambiri amangomva kulemera ndi kunyong'onya, osati ululu. Pa vuto lakunjalo tisinganoti timatha kuziziritsa ululu kwa kanthawi, ndipo ndaonapo anthu akutuluka akumwetulira. Koma a bungwe la Cochrane, lounika kafukufuku wa zachipatala, atasonkhanitsa kafukufuku yemwe analipo mu 2002, anapeza kuti umboni ndi wochepa ndipo mpumulo womwe unaoneka unali wosakhalitsa. Ineyo ndimatitenga ngati mthunzi wopumirapo, ulendo ukadalipo.

Pa mtsempha wopanikizikawo ndiye ndinene mosapsatira: singano singakulitse ngalande, singachotsenso chigongono chanu pa tebulo. Mantha anga ndi akuti mungathe miyezi itatu ndi lendi yonse mukubayitsa, ululu n'kumachepa, pomwe dzanja likufota mwakachetechete. Mnofu wa m'dzanja ukafota chifukwa cha mtsemphawu, nthawi zambiri subwereramo wonse ngakhale achite opaleshoni. Telala wopanda mphamvu zotsinira nsalu adya chiyani?

Usiku uno chitani izi. Ikani manja onse pa tebulo, zikhato pansi, muyang'ane kamnofu ka pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Ngati kumanja kwalowa dzenje poyerekeza ndi kumanzere, ndi chizindikiro. Kenako panani pepala pakati pa zala ziwiri zomwezo, chachikulu chili chowongoka, wina alikoke. Likamapulumuka, kapena chala chachikulu chikamapindika chokha kuti chiligwire, kapena ngati masiku ano mapini akukugwani, mabatani akukuvutani kumanga, dzanzi silikuchokanso masana, za ku Cyrildene ziyambe zadikira. Lawirirani ku kiliniki yoyandikira, mufotokoze za zalazo, osati za ululu wokha, kuti akulembereni kalata yopita ku chipatala chachikulu monga Helen Joseph kapena Charlotte Maxeke. Kumeneko kuli kuyeza kwa magetsi koona liwiro limene uthenga ukuyendera mu mtsempha, ndipo kumaonetsa pomwe wapanikizika. Pemphaninso akuyezeni shuga, chifukwa amafooketsa mitsempha, ndipo akuoneni khosi, poti nalo limatha kutumiza dzanzi ku zala zomwezo.

Ngati zonsezo zili bwino ndipo dzanzi ndi la usiku wokha, mankhwala ake muli nawo m'nyumba. Pogona kulungani thaulo pa chigongono, mumange mosathinitsa ndi kansalu kotsala ku makatani, kuti mkono usapindike muli m'tulo. Masiku atatu oyamba mudzanditukwana, koma pirirani masabata 6. Pa tebulo la makina ikani kapilo, telala sangasowe kapilo. Foni muziiika pa sipika. Sizasi inoledwe, yobuntha ndi imene ikudya nsinga yanuyo. Ketulo muzinyamula chikhato chitayang'ana kumwamba.

Mafizo a vuto lakunjalo ndi awa: mkono ugone pa tebulo, dzanja lilendewere m'mphepete chikhato chili pansi, mutagwira chitini cha nyemba cha Koo chija. Litukuleni ndi dzanja linalo, kenako mulitsitse lokha pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 5. Ka 15, mupume, mubwereze katatu, tsiku ndi tsiku. Kuwawa pang'ono n'kololedwa. Brufen wa tsiku lililonseyo musiyeni, amakanda m'mimba ndi kulemetsa impso. Wina akakuuzani za jakisoni wa cortisone, dziwani kuti amathandiza masabata oyamba, koma pakutha pa chaka ambiri obayidwa amakhala kumbuyo kwa amene sanabayidwe.

Mukafunabe kuyesa tisingano pa ululu wakunjawo, sindikuletsani. Kuno ntchitoyi ili pansi pa bungwe la Allied Health Professions Council of South Africa, motsata lamulo nambala 63 la 1982, choncho funsani satifiketi ya bungweli musanapinde malaya. Singano azitsegula mu paketi inu mukuona, ikatha ntchito itayidwe. Musalipiriretu maulendo 10. Mukapita kanayi osaona kusintha, basi. Ndipo pali malo ena otchedwa Xiaohai amene ali mu kangalande kaja, pamwamba penipeni pa mtsempha wodwalawo. Mukamva magetsi akuthamangira ku kachala, musachite chamuna, nenani azule.

Za mphini, nane ndili nazo zitatu pachifuwa, agogo anga ku Ntcheu ananditema ndili mwana. Ndimawakonda mpaka lero, koma lezala pafupi ndi mtsempha umene uli pansi pa khungu pomwepo, ayi. Amayi atumize chambo chouma.

FUNSO: Ndili ndi pakati pa miyezi 7, ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira zimachita dzanzi usiku, mpaka ndimadzuka kukutumula manja. Abwana anga akuti andilipirira zobaya tisingano. Mayi woyembekezera, Cosmo City.

YANKHO: Achemwali, wanu ndi mtsempha wina, wa median, ndipo wapanikizika polumikizira dzanja, pomangira wotchi paja. Pakati pamachulukitsa madzi m'thupi, njira yake n'kuchepa. Kwa amayi ambiri zimatha zokha mwana akabadwa. Abwanawo athokozeni, koma apempheni akugulireni chomangira dzanja cha kufamase, chokhala ndi kachitsulo, muzivala pogona. Mukapitabe kobayitsa, nenani za pakatipo, chifukwa eni ntchitoyo amapewa malo a Hegu, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, kwa mayi woyembekezera. Koma manja ndi nkhope zikatupa mwadzidzidzi, mutu n'kumawawa kapena maso kuchita chidima, musadikire tsiku la sikelo, pitani akakuyezeni BP tsiku lomwelo.