Mfumu imene inachotsedwa pampando ndi bambo ake

Mayi wina amene amakonda kuwerenga zolemba zanga wanditumizira imelo. Akuti anamva zoti kale ku Bulgaria mfumu ina inachititsa khungu mwana wake chifukwa cha chipembedzo, ndiye akufunsa ngati imeneyi si nthano chabe.

Mayi, zinachitikadi. Mwanayo anali Vladimir, ena amati Rasate, ndipo analamulira zaka zinayi zokha, kuyambira 889 mpaka 893.

Tiyambe ndi bambo ake, Boris. Iyeyu ndi amene analowetsa chikhristu m'dzikomo atabatizidwa cha m'ma 864. Nduna zambiri sizinakondwe nazo, zinamuukira, ndipo iye anapha nduna 52 pamodzi ndi mabanja awo. Mu 889 anasiyira mwana wake wachisamba mpando, n'kupita kukakhala mmonke.

Vladimir atangokhala pampando ku likulu la Pliska anayamba kugwetsa zimene bambo ake anamanga. Olemba mbiri akuti ankazunza ansembe ndi kubwezera anthu ku milungu ya makolo. Regino wa ku Prüm, mmonke wolemba mbiri wa nthawi imeneyo, amamunena kuti anali chidakwa komanso wachiwerewere. Komatu apa tichenjere, mayi. Onse amene anatisiyira mbiri yake anali anthu a mpingo, ndipo mlandu wake tinaumva mbali imodzi. Ine ndimaona kuti nkhani sinali mapemphero okha. Chikhristu chinabwera ndi ansembe achigiriki a ku Constantinople, likulu la ufumu woyandikana nawo wa Byzantium, ndipo nduna zakale zinkaona ngati dziko likugulitsidwa kwa adani. Vladimir anayang'ana kumadzulo. Mu 892 analandira amithenga a Arnulf, mfumu ya Afulanki a kum'mawa, amene anadzapempha kuti Bulgaria ileke kugulitsa mchere ku Moravia, dziko limene Arnulf ankalimbana nalo. Mcherewu, inde, unali chida cha nkhondo.

Mu 893 mkulu uja, Boris, anapirira mpaka kutopa. Anavula mkanjo wa umonke, n'kutenga lupanga, n'kusonkhanitsa nduna zomukhulupirira. Vladimir anagwidwa, anachititsidwa khungu, n'kuponyedwa m'ndende. Ufumu unapita kwa mng'ono wake Simeon, amene anaphunzira ku Constantinople, ndipo likulu linasamukira ku Preslav. Regino akuti Boris anamuopseza Simeon pamaso pa anthu kuti akadzasiya chikhristu adzaona zomwezo.

Atatero anavalanso mkanjo wake n'kubwerera kwa amonke anzake, kumene anamwalira mu 907. Simeon analamulira mpaka 927.