Kodi mwayi wochotseredwa msonkho pa heat pump yanga wapita?

Funso: Ndine Mmalawi wokhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Mu Okutobala 2025 ndinachotsa makina akale a gasi otenthetsera nyumba yanga n'kuikamo heat pump, yomwe imafunditsa nyumba pa nthawi ya chisanu komanso kuiziziritsa kukatentha. Makinawo pamodzi ndi malipiro a amisiri zinandidyera madola 9,000. Polemba mafomu a msonkho kumayambiriro kwa 2026 sindinatchulepo za makinawa, ndipo mnzanga wa kutchalitchi akundiuza kuti boma linathetsa kale thandizo lake. Kodi ndingochotsa mtima?
Bambo wa ana atatu, South Bend

Yankho: Musafulumire kutaya mtima, bambo. Mnzanuyo wanena zoona, koma wasiya mbali imene ikukhudza inuyo. Thandizoli, lomwe lili m'ndime 25C ya malamulo a msonkho, linakulitsidwa ndi lamulo la Inflation Reduction Act la mu 2022, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2023 munthu ankachotseredwa pa msonkho wake magawo 30 pa 100 alionse a ndalama zimene wagwiritsa ntchito. Lamulo lina limene Pulezidenti Donald Trump anasaina pa 4 Julayi 2025 ndi limene linadula nthawi yake, moti makina oikidwa pambuyo pa 31 Disembala 2025 salandiranso kanthu. Chimene bungwe lotolera msonkho la IRS limayang'ana ndi tsiku limene makinawo anaikidwa n'kuyamba kugwira ntchito, osati tsiku limene munalipira kapena kulemba mafomu. Anu anayamba kugwira ntchito mu Okutobala, choncho muli m'kati mwa nthawi. Amene ali ndi tsoka ndi munthu amene analipira mu Disembala koma amisiri n'kumufikira mu Januwale.

Tiyeni tiwerengere. Magawo 30 pa 100 a madola 9,000 ndi madola 2,700, ndipo pa heat pump malipiro a amisiri amawerengedwa nawo, mosiyana ndi mawindo ndi zitseko kumene amawerenga mtengo wa katundu wokha. Komabe malire a heat pump ndi madola 2,000 pachaka, kotero otsalawo, 700, muwaiwale. Ngati kampani ya magetsi inakubwezerani ndalama ina pogula makinawo, kawirikawiri ndalamayo imayamba yachotsedwa pa mtengo musanawerengere magawo aja. Mukanakhala kuti munaikanso zotchingira kuzizira m'denga kapena mawindo atsopano m'chaka chomwecho, zimenezo zili ndi malire akeake a madola 1,200, mawindo osapitirira 600, ndipo zonse pamodzi zikanafika 3,200.

Pali chinthu chimene ambiri sachimvetsa, ndipo ndaona kuti ndi pamene anthu amakhumudwira. Ndalamayi imangochepetsa msonkho umene munayenera kupereka ku boma lalikulu m'chaka cha 2025, siipitirira pamenepo. Ngati msonkho wanu wa chaka chonse unali madola 1,300, mudzachotseredwa 1,300 yokhayo, ndipo yotsalayo simungaisungire chaka chamawa. Choncho yang'anani kaye fomu yanu yakale musanayambe kuiwerengera ndalamayi kuti mulipirire sukulu ya abale kumudzi.

Chochita ndi ichi. Lembani fomu ya 1040-X yokonzera zimene munatumiza kale, ndipo muphatikizepo fomu ya 5695, yopemphera thandizoli. Lamulo limakupatsani zaka zitatu kuchokera pamene munatumiza mafomu oyambawo, koma palibe chifukwa chodikira mpaka malisiti atazilala. Musanalembe, tsimikizani zinthu ziwiri kwa amene anakugulitsani makinawo. Choyamba, mtundu wa heat pump yanu ukhale wofika pa muyeso wapamwamba wa bungwe la Consortium for Energy Efficiency, chifukwa si heat pump iliyonse imene inkavomerezedwa. Chachiwiri, pa makina oikidwa mu 2025 fomuyi imafuna nambala ya kampani yopanga makinawo, ya zilembo zinayi, yotchedwa QMID, ndipo mukailumpha IRS ikhoza kukana pempho lanu ngakhale zina zonse zili bwino. Sungani lisiti losonyeza tsiku limene ntchito inatha, chifukwa nkhani yanu yonse yatsamira pa tsiku limenelo.