Musamaike tomato padzuwa kuti apse msanga

Achemwali, mwafunsa ngati tomato wofiira amaposa wosapsa pa ma antioxidant (zinthu za m'zakudya zothandiza kuteteza maselo a thupi kuti asaonongeke) amene amayi anu anauzidwa kuchipatala kuti azidya, komanso ngati mugule mapiritsi ake. Za mapiritsi ndizisiya, ine ndikamba za tomato, poti ndimalima kudimba, ndipo wanga akatha ndimakaoda ku Lizulu.

Kufiira mumakuonako ndiye chinthu mukuchifunacho. Dzina lake ndi lycopene, mtundu umodzi wa ma antioxidant aja. Tomato akadali wobiriwira amakhala nacho chochepa kwambiri, chimachuluka akamapsa. Ndiye sankhani wofiira mpaka mkati, koma wolimba, osati wophwanyika uja amagulitsa motchipa madzulo. Amene amanena kuti tomato wobiriwira ndiye ali ndi mphamvu asokoneza ndi mango. Mango osapsa alidi ndi vitamini C wambiri kuposa akupsa, koma akamapsa amachulukitsa beta-carotene, yemwe thupi limamusandutsa vitamini A. Zipatso sizifanana.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili: musamaike tomato padzuwa kapena pamalo otentha kuti apse msanga. Ine zinandionekera. Mwezi wa Okutobala chaka china ndinaoda madengu awiri a tomato wongoyamba kufiira kunsonga, n'kumusunga m'kachipinda ka malata kopanda zenera, ndimvekere kutenthako kumupsetsa mwachangu. Patapita masiku anayi ndinapeza wafewa, wachita chikasu, kufiira osaoneka. Ukamudula, madzi okhaokha. Makasitomala ankangomugwira n'kumusiya, mpaka dengu limodzi ndinakataya kudzala. Mtima unandipweteka chifukwa inali mpamba wanga wonse. Pambuyo pake ndi pamene alangizi anandifotokozera kuti kutentha kukapitirira madigiri 30, tomato amasiya kupanga lycopene. Amafiira bwino pakati pa madigiri 20 ndi 24. Ndiye ngati amayiwo ali ku Chikwawa kapena ku Salima, nthawi yotentha muzisamala zedi.

Firiji nayonso ayi, ngati tomato sanapse. Kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 12, kupsa kumaima, kukoma ndi kafungo kake zimatha. Muikeni mufiriji akafiira kale, ndipo kwa masiku ochepa chabe.

Chomwe ndimachita pano n'chapafupi. Ndimamuyala m'katoni, osaunjika, pamalo ozizira bwino m'nyumba, n'kuikamo nthochi imodzi yakupsa. Nthochi imatulutsa mpweya wotchedwa ethylene, womwewo umene umagwira ntchito tikavundikira nthochi zinzake. M'mawa uliwonse ndimachotsa amene wayamba kuola, apo ayi amapatsira anzake.

Pophika musaope moto. Lycopene thupi limamutenga bwino tomato akaphikidwa ndi mafuta pang'ono, chifukwa amasungunuka m'mafuta osati m'madzi. Supuni imodzi yakwana, kapena tenderani ndi nsinjiro, nazonso zili ndi mafuta. Amene amaonongeka ndi moto ndi vitamini C, ndiye masiku ena muziwadulira wamuwisi ndi anyezi. Magwafa ndi malambe ali ndi vitamini C wochuluka kuposa tomato, ndipo magwafa ofiira mkati ndi mavwende alinso ndi lycopene.

Mtengo wa tomato umakwera nthawi ya dzinja. Mukadutsa pa Lizulu kapena pa Bembeke gulani chidebe, theka wofiira, theka wongoyamba kumene, kuti asapsere limodzi.

China chomwe chimandidetsa nkhawa ndi mankhwala. Chibwerereni kambozi koboola tomato kaja kotchedwa Tuta absoluta, alimi ena akupopera pafupipafupi, ena mpaka kutatsala tsiku limodzi kuti athyole. Mukaona tomato ali ndi kaufa koyera pakhungu, makamaka pafupi ndi kamtengo, musiyeni ngakhale atafiira bwanji. Amene mwagulayo mutsukeni ndi madzi ambiri, mukupukuta ndi manja mmodzimmodzi, musanamudule.