Yankho kwa asuweni pa za ulendo wa ku Benguerra

Asuweni, ndalimva funso lanu lija, lakuti kodi ku chilumba cha Benguerra kumene ndinapita kuja nsomba zimagwidwadi, ndipo ulendo wake umadya ndalama zingati. Ndasankha kuyankha ndi pakamwa kuti onse m'gulu muno amve nawo. Koma ndiyambe ndadabwa, chifukwa inu chibadwire simunagwirepo mbedza, ngakhale yowedzera matemba pa Linthipe, ndipo tsiku lija tinakwera bwato munagwira mwendo wanga mpaka kumtunda.

Chilumbacho chili m'nyanja yamchere ku Mozambique, moyang'anizana ndi tauni ya Vilankulo m'chigawo cha Inhambane, pamodzi ndi Bazaruto, Magaruque ndi Santa Carolina. Ndi malo otetezedwa kuyambira 1971, ndipo kuchokera mu 2017 akuwasamalira ndi a African Parks, omwe aja a ku Liwonde ndi ku Majete. Ine ndinatulukira pa Mwanza, ndinawoloka Zambezi pa Tete, kenaka Chimoio, Inchope, mpaka kuwoloka mtsinje wa Save. Ndinayenda masiku awiri... ayi, ndikonze, anali atatu, chifukwa ndinagonanso pa Inchope.

Kuwedza kwa kumeneko sikwa nyongolotsi. Mbedza amaimangirira nthenga ndi ulusi wonyezimira kuti ioneke ngati kansomba, ndipo poti ndi yopepuka, chimene chimaiponya kutali ndi kulemera kwa chingwe. Madzi akaphwa, munthu amayenda pa mchenga woyera madzi akulekeza m'mawondo, osalankhula, mpaka wokutsogolera aloze mthunzi wa nsomba. Ndinaona mlendo wina atakola kingfish yaikulu, ndipo atalimbana nayo nthawi yaitali, anaichotsa mbedza, n'kuigwira m'madzi ndi manja awiri mpaka inapupha mchira n'kupita.

Zimenezi zandikumbutsa amalume. Mukukumbukira kuti nditabwerako ndinakawaona ku Salima, pa nthawi ija anali atayamba kale kudwala miyendo. Ndinawaonetsa kanema wa nsombayo pa foni, ndipo anandiuza kuti ndibwereze katatu. Ndinkayembekezera kuti akalipa, pakuti munthu amene analera ana asanu ndi awiri ndi ukonde, kuphatikizapo inu ndi ine, sangaonere ndiwo ikubwezedwa m'madzi. Koma anakhala chete, kenaka anafunsa kuti, "Kodi kumeneko kuli phokoso?" Nditayankha kuti kumamveka mphepo ndi matanga a ngalawa basi, anagwedeza mutu n'kuyamba kusimba za ku Mbenje, chilumba cha pa nyanja ya Malawi.

Anati zaka zonse zimene ankapita pa chilumba chija, malamulo a mfumu Makanjira anali osasintha: nyengo ya mvula chilumba chimatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndipo chikatsegulidwa, mowa ndi juga sizifikako. Anzawo ena ankadandaula, koma iwo ankakonda zimenezo. Ndiye anandiululira chinthu chimene sindinkachidziwa. Chaka chija zinthu zinavuta kunyumba, pamene tonse tinkati athawira ku nyanja kukafuna ndalama za mlandu, iwo akuti sabata yoyamba yonse sanaponye ukonde n'kamodzi komwe. Ankangokhala pa thanthwe, ukonde uli pa miyendo, akusoka malo amene anali osokedwa kale. Anzawo ankawapatsa utaka wootcha osawafunsa kanthu. Anati, "Mphwanga, ndikadakhala pamudzi masiku amenewo, ndikadayankhula mawu amene sakadabwezeka." Atatero anandibwezera foni, n'kuitanitsa madzi akumwa... Pepani, ndaima pang'ono, mawu awo akundimvekerabe.

Tsono asuweni, chimene ndamva ine m'funso lanu si nsomba. Chichitikireni zija za mu Ogasiti simunapumepo. Maliro munayendetsa ndinu, nkhani ya munda inagwera inu, ndipo foni yanu imalira ngakhale pakati pa usiku, ena mwa oimbawo tili m'gulu lomwe lino. Mukufuna malo amene munthu sangakupezeni, koma mukuchita manyazi kunena, ndiye mwabisala kumbuyo kwa mbedza. Pitani, ndipo mupite kukapuma.

Za ndalama ndinene mwachidule. Malo ogona a pachilumba penipeni ndi odula kwambiri, ndipo mitengo yake amaitchula m'madola. Inu mukagone ku Vilankulo, kumene kuli nyumba za alendo zoti munthu wa malipiro ngati athu angakwanitse, ndipo m'mawa muziwoloka pa ngalawa, mutakonzeratu ndalama yolowera m'malo otetezedwawo. Musapite pakati pa Januwale ndi Malichi, chifukwa ndi nyengo ya namondwe, ndipo mu Febuluwale 2007 namondwe Favio anagumula nyumba zambiri m'tauni imeneyi. Miyezi ya Juni mpaka Seputembala kumakhala kouma ndiponso kozizirira bwino. Mukatenge chipewa ndi malaya a manja aatali, poti mchenga uja umabweza dzuwa kumaso.

Ndodo yowedzera musagule, ndikukupemphani. Mukafuna kuyesa, mukabwereka komweko kwa tsiku limodzi, ndipo mukalephera kuponya palibe adzakusekeni, kupatula ine mukadzabwera. Chachikulu n'chakuti mukakhale pa mchenga paja masiku anayi kapena asanu opanda wokufunsani chochita, monga anachitira amalume pa thanthwe paja. Mlamu wanga mumutenge, chifukwa nayenso watopa, koma ana muwasiye kwathu kuno.

Ndibwerezenso kuti achemwali ndi ena nonse mumve bwino: asuweni akupita kukapuma, ndipo masiku amenewo aliyense amene ali ndi nkhani ya munda aziimbira ine. Asuweni, mundiuze tsiku, ndidzakuperekezani mpaka pa Mwanza.