Funsani Amisiri: Ndagula chitofu chakale, chumuni ndiboole pati?

FUNSO: Amisiri, ndagula chitofu chachitsulo cha nkhuni kwa bambo wina amene amasamuka ku Dwangwa, chakale ndithu koma cholemera, tinachinyamula anthu anayi. Chinabwera ndi kapaipi kamodzi kakafupi. Ndikufuna ndikawaikire mayi anga kwa Mwansambo, akalamba ndiye mwera ukayamba mu Juni amalowetsa mbaula kuchipinda usiku, ine zimandiopsa. Nyumba ndi yanjerwa zootcha, yamalata. Anzanga akuti ingoboola lata utulutse paipi basi. Zoona zimenezi? Wanu, wa ku Nkhotakota.

YANKHO: Achimwene, ndinayamba ndaseka kaye, chitofu choothera moto ku Nkhotakota komwe mu Okutobala timagona pakhonde! Koma mphepo ya Juni ndi Julaye ndikuidziwa, kwa munthu wamkulu imalowa mpaka m'mafupa. Ndipo za mbaulazo mukuopa zoona, makala amatulutsa mpweya woipa wa carbon monoxide, sununkha, suoneka, munthu amangogona osadzukanso. Mbaulayo muwaletse lero lomwe, chitofu chisanafike n'komwe.

Anzanuwo musawamvere.

Yambani ndi chitofucho. Usiku ikani tochi mkati, tsekani chitseko, muzungulire. Paliponse pamene pakutuluka kuwala padzatulukanso utsi. Kuno kunyanja dzimbiri limadya chitsulo mwakachetechete, ndiye gogodani pansi pake ndi hamala pang'onopang'ono. Kamng'alu kakang'ono owotcherera atha kukonza, koma ngati chitsulo chikufumbutuka, mwagula tebulo. Chikapambana, chiyatseni kaye panja kamodzi, penti yakale ipse konko.

Mnyumba chikhale pa njerwa, njerwazo zipitirire kutsogolo kwa chitseko masentimita 45 chifukwa makala amagwa potsegula. Mipando, makatani, matumba a chimanga, zonse zitalikire pafupifupi mita imodzi. Ndipo muike pabalaza, osati kuchipinda kogona.

Tsopano chumuni, pamene pagona nkhani. Paipi ikhale yofanana kukula ndi kamwa la chitofu, zambiri zimakhala masentimita 15, musachepetse ati kuti musunge ndalama, utsi udzabwerera. Musapinde lata lofolera kukhala paipi, lili ndi zinki ndipo likapsa limatulutsa utsi wodwalitsa, pitani kwa owotcherera akupangireni yachitsulo chakuda chokhuthala. Polumikiza, paipi yapamwamba izilowa mkati mwa yapansi, kuti phula lakuda lochokera mu utsi likamayenderera lizibwerera mchitofu osati kutsikira kunja pakhoma la mayi.

Moto wa nyumba umayambira padenga. Lata silipsa inde, koma pansi pa lata pali mitengo ya denga, youma gwaa zaka ndi zaka, ndipo paipi yotentha ikamaiwamba tsiku ndi tsiku tsiku lina imangoyaka yokha anthu ali mtulo. Paipi wamba italikire mtengo uliwonse masentimita 45. Denga zambiri zakumudzi mpata umenewo palibe, n'chifukwa chake ine ndikanakhala inu ndikanatulutsira paipi pakhoma lanjerwa, motalikira denga, n'kumanga chumuni chanjerwa panja. Njerwa kwanuko sizivuta, komanso simuboola lata, dzinja likafika simudzatchera mabeseni. Chumunicho chipitirire nsonga ya denga ndi masentimita 60, chikafupika mwera umakankhira utsi mnyumba. Pamwamba kachipewa, mvula ndi mbalame zisalowe.

Nkhuni zikhale zouma. Zaziwisi zimadzaza mwaye ndi phula mchumuni, ndipo phulalo limagwira moto. Bulugama kapena keshya wowaza n'kuuma bwino ali bhobho, za mu Nkhotakota Wildlife Reserve zokha ayi, mungagone mchitokosi chifukwa chofuna kufunditsa mayi. Chaka chilichonse mu Meyi kwerani mukolope chumuni.

Chinanso, mayi athuwa kukazizira amatseka paliponse mpaka kutsekera nsanza pansi pa chitseko. Muwauze asiye kampata, moto umafuna mpweya. Akadzadandaula mutu kapena chizungulire chitofu chikuyaka, atuluke panja msanga, muzimitse, ndipo musayatsenso mpaka mmisiri ataona chumunicho.