Poloti ya kunyanja muidzaone mu Epulo, osati mu Seputembala

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mumagwira ntchito kubanki ku Blantyre, akukwezani chaka chino, mwasunga pafupifupi K80 miliyoni, ndipo mutabwera ku msonkhano wa maakauntanti kuno ku Mangochi anzanu anakutengani kukaona makoteji awo. Ndiye mukufunsa ngati nanunso mugule poloti m'mbali mwa nyanja n'kumanga, kuti pa wikendi muzidzapumirako, masiku ena muzichititsa lendi. Ambiri akuyankhani kale kuti gulani msanga, malo saola. Ine nditalikitsako pang'ono, chifukwa ndimakhala konkuno, ntchito yowerengera ndalama ndaigwira zaka zoposa 20, ndipo koteji imene mukuilotayo ine ndili nayo.

Ndiyambe ndi mwezi umene munaona malowo. Misonkhano yathu ija imakonda kuchitika cha mu Seputembala, madzi atayamba kale kubwerera. Mchenga umakhala utatambalala, mphepo ya mwera itazizira, nyanja ili phee ngati mafuta. Nanenso yanga ndinaiona nthawi ngati imeneyo, kuchigawo cha Namiasi, ndipo kuchoka pamene ndinakumba maziko kukafika pamadzi panali kamtunda ndithu. Nyanja ya Malawi imafika pachimake cha mu Epulo ndi Meyi, mvula ya kumpoto ndi ya ku Tanzania itatha kutsikira. Mu 2023 inakwera, ife n'kumati zachitika chaka chino chokha. Mu 2024 inapitirira mamita 476 pa mlingo umene a zamadzi amayezera, ndipo malo ambiri ogona alendo m'mbali muno analowa madzi.

Tsiku limene analowa kwanga sindiliiwala. Mlonda anandiimbira kusanache, akungoti, "Abwana bwerani, nyanja yalowa m'nyumba." Pofika ndinapeza madzi ali m'mawondo pakhonde, tinsomba tikuthamangathamanga pansi pa tebulo lodyera. Anyamata a m'mudzimo anali atamangirira bwato lawo pachipilala cha geti yanga, ndipo ndi bwato lomwelo limene tinatulutsira filiji ndi matilesi. Choopsa sichinali madzi ooneka aja ayi. Dzenje la kuchimbudzi linadzaza n'kuyamba kubweza, chitsime chinaipa, ndipo madzi ataphwa khoma linatsala ndi mzere wakuda kuzungulira nyumba yonse, pulasitala akungoyoyoka ukamukhudza. Mapepala a inshuwalansi nditawawerenga modekha ndinapeza kuti kusefukira kwa nyanja sikunalimo. Ndinasaina ndekha osawerenga ndime imeneyo, ndipo kukonza konse kunachoka m'thumba mwanga.

A National Water Resources Authority, bungwe la boma loona za madzi, akhala akukumbutsa kuti m'mbali mwa nyanjayi munthu asamange pamalo otsika kuposa mamita 477 pa mlingo womwe uja woyezera kukwera kwa madzi. Madobadoba amene adzakuyendetseni sadzakuuzani zimenezo, iwo chawo n'chakuti malonda atheke alandire yawo. Musanatulutse ngakhale tambala, lembani woyeza malo wanuwanu akuuzeni kuti polotiyo ili pa mlingo wanji. Mukatero kacheze ndi amayi amene amatsuka mbale padoko lapafupi, muwafunse pamene madzi anafika mu 2024. Adzakulozerani mtengo weniweni umene unamira.

Za umwini wa malo ndiye musachite nazo changu m'pang'ono pomwe. Malo ambiri kuno ndi a makolo, ndipo kwa achimwene athu achiyao, monganso kwa ife a Chinyanja, munda umayenda kuchikazi. Bambo amene akukuonetsani malo molimba mtima uja akhoza kukhala mkamwini chabe. Mnzanga wina wa ku Lilongwe analipira ndalama zonse kwa bambo wotero, amfumu anadinda kalata, iye n'kuthira mchenga ndi njerwa. Patapita miyezi kunabwera azichemwali atatu ndi mwinimbumba wawo kudzafunsa kuti wamanga pamunda wa mayi awo ndani. Nkhaniyo inatenga zaka, ndipo anamaliza n'kulipiranso kachiwiri. Malamulo a malo anasintha mu 2016 n'kukonzedwanso mu 2022, choncho musadalire zimene anachita anzanu amene anagula kalekale. Pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya boma la Mangochi, funsaninso ku unduna wa za malo ngati pamalopo palibe wina amene ali kale ndi lizi, chikalata cha boma chomupatsa malowo kwa zaka zakutizakuti, ndipo pezani loya. Tsiku lolipira pakhale mbumba yonse, osati munthu mmodzi. Inu ndinu a kubanki, mukudziwa bwino kuti kalata ya amfumu yokha simungailandire ngati chikole. Ngati simungabwereketse ndalama za eni ake pa pepala limenelo, musaikeponso zanu.

Koma tinene kuti zonsezi zayenda bwino, malo ndi okwera, mapepala ali bwinobwino. Pali funso lina limene ndikufuna mudzifunse nokha usiku muli chigonere: kodi mukugula chinthu chobereka ndalama, kapena mukugula chisangalalo? Zonse ziwiri n'zololedwa. Mwakhetsa thukuta, ndipo palibe tchimo kufuna podzuka m'mawa n'kumamva mafunde. Vuto limabwera pamene tigula chisangalalo koma m'mabuku mwathu n'kuchilemba ngati bizinesi. Ifeyo amene timakana mapulani a makasitomala tsiku ndi tsiku chifukwa ziwerengero sizikugwirizana, zikafika pa zathu timatseka diso limodzi.

Lendi ya koteji imabwera mwa apo ndi apo. Pa Isitala mudzakana anthu, pa Tsiku la Anakubala mu Okutobala chimodzimodzi, Khirisimasi ndi Nyuwere ndiye osanena, kuphatikizapo masabata a misonkhano pamene mahotela a ku Nkopola ndi Makokola adzaza. Kuchoka apo, Januwale mpaka Malichi mutha kutha milungu osaona mlendo ndi mmodzi yemwe. Mafuta a galimoto akangosowa m'tauni, ngati mmene zakhala zikuchitikira zaka zapitazi, mafoni oletsa malo amayamba kulira. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inavuta kwambiri boma lino, inathawitsanso alendo. Koma kaya kwabwera munthu kaya ayi, mlonda alandira, wosesa alandira, pampu ikafa ikonzedwa, chiswe chikalowa m'denga chithiridwa mankhwala, mabatire a sola akatha agulidwa. Kutentha ndi chinyontho cha kuno zimadya penti ndi matabwa mofulumira kuposa ku Namiwawa. Ndipo nyumba imene mwini wake ali makilomita pafupifupi 200 imakhala ndi alendo ena amene salembedwa m'buku. Ine ndimakhala pafupi, komabe chaka chabwino koteji yanga imangodzilipirira yokha. Ndalama imene ndinamangira sinabwerepo.

Onjezanipo abale. Mukangomanga, nyumbayo ndi ya mtundu wonse. Mlamu adzafuna kudzachitirako chinkhoswe cha mwana wake, a kumpingo adzapempha kudzapumulirako, abwana anu a kuntchito adzati tibwerekeni wikendi ino, ndipo onsewa amafuna masiku omwe aja amene mukanapeza alendo olipira. Simudzawatchaja, ndipo nanenso sindiwatchaja. M'mudzi mmene mwamangamo mudzakhala munthu wa momwemo: maliro akagwa mupepesa, sadaka ikakhalapo muponyapo thumba la mpunga, wina akadwala usiku galimoto yanu ndiyo ambulansi. Zimenezi ine ndimazichita ndi mtima umodzi, chifukwa anthu omwewa ndi amene ananditulutsira katundu m'madzi. Ndikungoti zilowe mu bajeti, poti walira mvula walira matope.

Pano ndipemphe chinthu chimodzi chimene chimandiwawa. Mukadzamanga, musadzatseke njira ya kudoko. Anzathu ena amanga mipanda mpaka m'madzi, amayi n'kumazungulira mtunda wautali ndi ndowa pamutu, asodzi n'kusowa pokokera makoka ndi poyanika usipa. Anthuwa nyanjayi ndi munda wawo, anaipeza makolo awo ife tisanadziwe n'komwe kuti kuli Mangochi.

Tsono musamve ngati ndikuti ndalamazo zingokhala mu akaunti. Zimenezo ndiye zoopsa kuposa koteji. Mukukumbukira Meyi 2022 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, kenako Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene anali ndi K80 miliyoni ngati yanuyi anagona ali ndi madola pafupifupi 68,000, n'kudzuka ali ndi 47,000, osagula kanthu. Mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi cha m'ma 30 peresenti pachaka, kutanthauza kuti chiwongoladzanja cha akaunti yosungira chinkangotsalira m'mbuyo. N'chifukwa chake anzanu akuthamangira njerwa ndi simenti, ndipo mantha awowo ndi oona. Kungoti njerwa si zofanana. Nyumba yochititsa lendi ku Blantyre komweko, imene mungaiyendere pochoka kuntchito, imalowetsa ndalama mwezi ndi mwezi ndipo tsiku lofuna kugulitsa ogula amapezeka. Koteji ya kunyanja ogula ake ndi ochepa, ndipo onse amafuna kugula nthawi imene inu mwapanikizika.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndapatula ndalama yokwana kudyetsa banja miyezi isanu ndi umodzi, n'kuiika poti ndingaitenge msanga, monga m'ma treasury bill, momwe mumabwereketsa boma ndalama kwa masiku 91 kapena 182 n'kukubwezerani ndi chiwongoladzanja. Ina ndikanaimwaza m'masheya pa Malawi Stock Exchange, podziwa kuti masheya amakwera komanso amatsika. Apa pokha samalani ndi chinthu chimene anthu a kubanki ambiri sachiona. Malipiro anu akuchokera kubanki, ngongole yanu ya galimoto ndi ya kubanki komweko, ndipo thumba la penshoni, kumene kumapita 5 peresenti yanu ndi 10 peresenti ya abwana anu, kawirikawiri limakhalanso ndi masheya a mabanki. Mukagulanso masheya a mabanki okhaokha ndiye kuti moyo wanu wonse wakwera bwato limodzi. Pamsikapo pali makampani a shuga, a mafoni, a nyumba, a mahotela, yang'ananiko.

Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kumanga koteji ndi ngongole imene banki yanu imapereka kwa ogwira ntchito ake. Chiwongoladzanja chake chimaoneka chofewa mukadali pantchito. Kawerengeni pangano lanu muone chimene chimachitika tsiku limene mwachoka kapena akuchotsani: m'malo ambiri ngongoleyo imasanduka ya kasitomala wamba. Mu 2024 Reserve Bank, banki yaikulu ya dziko lino, inaika pa 26 peresenti chiwongoladzanja chake, chimene mabanki ena amatengerapo poika chawo, ndiye ganizirani kubweza ngongole ya mtengo woposa pamenepo ndi nyumba imene imapeza alendo pa Isitala ndi pa Khirisimasi. Ndinaona mkulu wina amene tinkamulemekeza tonse akugulitsa koteji yake theka la ndalama imene anamangira, ntchito itatha mwadzidzidzi, ana awiri ali ku yunivesite. Anali munthu wodziwa ntchito kuposa ine. Chinamugwetsa n'chakuti moyo wake wonse unali woyezedwa pa malipiro a mwezi wa mawa: sukulu za ana zodula, galimoto ziwiri za ngongole, kalabu ya gofu, ndi nyumba ya kunyanja imene ankagonamo mwina masiku khumi pachaka.

Masiku amenewo muwawerenge nanunso. Ntchito yanu ndikuidziwa: kutseka mabuku kumapeto a mwezi, ma audit, misonkhano ya bodi, maukwati ndi maliro a Loweruka. Mukapeza kuti pachaka mungabwere kanayi kapena kasanu, tengani ndalama ya masiku amenewo pa loji yabwino ku Cape Maclear kapena ku Nkopola, muiyerekeze ndi malipiro a mlonda, wosesa ndi zokonzakonza za chaka chonse, osaiwala phindu limene K80 miliyoni ikanakupatsani kwina. Mukaona kuti kusiyanako mukukwanitsa ndipo mtima ukufunabe khonde lanulanu, mangani, koma yaing'ono, pamalo okwera, ndi ndalama imene itati isabwerere simungasowe nayo tulo.

Pakadali pano musalipire kanthu. Dikirani mvula ithe, mutenge tchuthi cha sabata imodzi kumapeto kwa Epulo, mudzachite lendi koteji ya wina kufupi ndi poloti akukuonetsaniyo. Mudzayendepo m'mawa ndi madzulo, mudzagone usiku umodzi magetsi atazima kuti mumve kutentha ndi udzudzu wake. Mukadzafika mundiuze mu inbox, ndidzakutengani mukaone mzere uja pakhoma langa, chifukwa mbali ya kuseri sindinaipentebe.