Pepala la kuchipatala lalemba "metaplasia": kodi ndi khansa?

Mayi wina wandilembera imelo, akuti tulo sakupeza. Madokotala anamulowetsa kapaipi ka kamera kudzera kukhosi mpaka m'chifu, n'kutapa tizidutswa ta mnofu. Pepala la zotsatira lalemba "chronic gastritis", "H. pylori positive" ndi "intestinal metaplasia". Atafufuza pa Google wapeza mawu akuti khansa, ndiye akufunsa: "Kodi ndiye kuti yayamba kale?"

Amayi, mtima m'malo. Mawu atatuwo palibe limene likutanthauza khansa.

"Chronic gastritis" ndi kutupa kwa khungu la mkati mwa chifu komwe kwakhalitsa, ndipo kawirikawiri wochititsa ndi bakiteriya wa Helicobacter pylori, ndipo "H. pylori positive" ikutanthauza kuti amupeza m'chifu mwanu. Madokotala Barry Marshall ndi Robin Warren anamupeza ku Perth, Australia, mu 1982. Anthu atakayika, Marshall anachita kumwa tizilomboto iye mwini n'kudwala nato. Mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel.

Kutupako kukatha zaka zambiri, tinthu totulutsa asidi timafota, ndipo maselo ena a m'chifu amasanduka ngati a m'matumbo. Imeneyo ndiye metaplasia. Dokotala wofufuza matenda Pelayo Correa anafotokoza ndondomekoyi mu 1975: kutupa, kufota, metaplasia, dysplasia (maselo kuyamba kuoneka achilendo koma asanakhale khansa), kenako khansa. Koma ulendowo ndi wa zaka makumi, ndipo ambiri amathera panjira osafikako. Mawu amene ndikanada nawo nkhawa ndi dysplasia, ndipo pa pepala lanu palibe.

Chondidetsa nkhawa kwenikweni n'chakuti anthu amamwa omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'chifu, kutentha pamtima n'kuleka, basi n'kuyesa achira. Bakiteriyayo amakhala adakali phee. Pamafunika maantibayotiki awiri kapena atatu pamodzi ndi mankhwala ochepetsa asidi, nthawi zambiri kwa masiku 14, osadumphitsa ngakhale m'kamwa muziwawa. Pakapita milungu 4 mutamaliza, mukayezetsenso chimbudzi kapena mpweya umene mumapuma kuti mutsimikize kuti watha.

Mukafunsenso adokotala kuti metaplasiayo ili kumunsi kwa chifu kokha kapena yafalikira ndi kumtunda komwe. Ngati yafalikira, kapena ngati kholo kaya m'bale wanu wa bere limodzi anadwalapo khansa ya chifu, amalangiza kuunikidwanso ndi kamera pafupifupi zaka 3 zilizonse. Fodya musiyiretu, mchere muchepetse.

Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusanza magazi, kuonda popanda chifukwa kapena chakudya kukanirira pomeza, musadikire tsiku limene anakulemberani.